Tsiku Limene Amama Anavina ku Chelstone

Filimu ija inali yoipa. Ndiyambe ndi kuvomera zimenezo, chifukwa ana anga akamandiseka amayesa kuti sindinkadziwa. Ndinkadziwa bwinobwino. Ndinaionera kasanu ndi kanayi, ndipo munthu sungaonere chinthu kasanu ndi kanayi osaona pamene anachisoka mokhota.

Inafika m'tauni zaka zija tinkafola mizere ya sopo ndi saladi, mafuta ophikira aja, chipani chili chimodzi chokha. Ine ndinali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndikugwira ntchito yotaipa makalata mu ofesi ina kuseri kwa Cairo Road, ndikukhala ndi makolo anga ku Kabwata. Loweruka tinkaweruka masana. Amama ndinkawauza kuti abwana atisiyira makalata ambiri, pamene ine ndili pa mzere wa matikiti a filimu. Tikalowa tinkayamba taimirira kuimba nyimbo ya fuko, kenako magetsi n'kuzima, anyamata a mipando ya kutsogolo n'kuyamba likhweru.

Nkhani yake inali ya mtsikana wosauka wa kutsidya kwa nyanja, amene anasiya amake pa siteshoni ya sitima n'kupita ku mzinda waukulu kukafuna kutchuka. Ntchito anaipeza, koma yosita zovala za ovina m'kachipinda ka pansi pa holo ya zisudzo. Ankaimba akusita, ndipo mwini holoyo, bambo wosuta ndudu yaikulu ngati chinangwa, anamva mawu ake kudzera mu paipi ya madzi. Basi, nkhani yonse ndi imeneyo. Zotsalazo zinali nthenga, masitepe ndi madiresi onyezimira.

Mabodza anali ambiri m'menemo. Mtsikana wositayo anali ndi zikhadabo zazitali zofiira, ndipo filimu yonse sanapsepo ndi nsimbi ngakhale kamodzi. Ine amene ndinkasita malaya a Atate ndi nsimbi ya makala ndinkangoti, mayi iwe, tinamize zina. Akati wagona ndi njala masiku atatu, ankadzuka milomo ili psuu, tsitsi lili m'malo mwake. Akayamba kuimba mumsewu, aliyense ankapezeka kuti mawu a nyimboyo akuwadziwa: wapolisi, wogulitsa nsomba, ngakhale nkhalamba yodutsa inkataya ndodo n'kuyamba kudumpha. Mdani wake, mkazi wansanje amene ankatsogolera ovina, anali ndi kadontho kakuda patsaya kamene kankasamukasamuka. Polowa m'chipinda kali kumanja, potuluka kali kumanzere, ndipo anyamata a kutsogolo aja ankakuwa, "Kayenda futi!" Odula mafilimu nawonso anaikapo dzanja lawo. Mwamuna akangoweramira mkazi kuti amupsompsone, chithunzi chinkadumpha, n'kupezeka kuti kwacha kale ndipo pali hatchi. Komanso filimuyo inali itayenda maiko ambiri isanatipeze, yokalikakalika, moti mvula inkaoneka ngati ikugwa ngakhale m'chipinda chogona.

Koma chakumapeto kunali malo amodzi amene ankandigonjetsa. Mtsikanayo amamubweretsa pa siteji atamuphimba ndi chinsalu chasiliva, atagwada, osaoneka ngakhale chala. Holo yonse ili zii. Ng'oma imayamba pang'onopang'ono, n'kumathamanga, n'kumathamanga, kenako amuna anayi amakoka nsalu ija kamodzi n'kamodzi. Iye amadzuka, chibwano m'mwamba, manja tambasu, mano onse pamtunda, n'kugwedeza mapewa kawiri. Anthu onse amaimirira. Ine pamenepo misozi inkangotsika, uku ndikudziwa kuti ndi zopusa.

Musandifunse chifukwa chake ngati simunataipeko makalata. Tsiku lonse ndinkalemba mawu a anthu ena, pansi pa kalata n'kuikapo tizilembo tiwiri ta dzina langa timene palibe ankatiwerenga. Mu basi ndinali mmodzi wa atsikana a mu ofesi, mu kwaya ndinali wachitatu pa mzere wachiwiri. Sindinkafuna kupita kutsidya kwa nyanja, ndipo mawu anga oimbira ndinkawadziwa malire ake. Ndinkangofuna kuti tsiku lina munthu akoke nsalu, anthu aone kuti pansi pake panali ine.

Ndiye ndinayamba kuyeserera. Amama akapita ku msika kapena ku mapemphero, ndinkatenga shiti ya pabedi pawo, chifukwa inali yaikulu kuposa yanga, n'kugwada m'chipinda ndili chiphimbire. Ng'oma ndinkaimba ndi pakamwa. Ikafika pothamanga ndinkaponya shiti ija ndekha, n'kudzuka: chibwano, manja, mano, mapewa. Miyezi itatu ndinachita zimenezi, mpaka thupi linazolowera, osadikiranso kuti mutu uliuze.

Nthawi yomweyo ndinali pa chitomero. Mnyamatayo, amene lero ndi bambo a ana anga, ndinakumana naye pa mzere wa saladi, amayi ake atamutuma, ndipo anandipatsa malo ake. Anali munthu wabwino, wofatsa, koma pamaso pa amayi akewo ankasanduka phala. Kwawo kunali ku Woodlands, nyumba ya mpanda wa maluwa, bambo ake ali ndi udindo m'boma. Apongozi anga, amayi akewo, sanandifune kuyambira pachiyambi. Ife atsikana otaipa ankatinena kuti timadya chamasana ndi abwana, ndipo tsiku lina iwo anandiona ndi maso awo m'tauni nditavala wigi. Mwana wawoyo anali atamusungira kale mkazi, mphunzitsi wina wa ku Katete, mwana wa mnzawo, amene ankati poyenda sayang'ana kumbali.

Mnyamatayo ndiye anandibweretsera uthenga wa amayi ake, akuyang'ana nsapato zake.

"Amama akuti akakuonela pa mphasa. Akuti akaona kuti sunalangizidwe, ukwati kulibe."

"Nanga iwe ukuti chiyani?"

"Ine nili chabe pakati."

Ndinatsala pang'ono kumumenya ndi chikwama. Koma ndinkamukonda, wapakati yemweyo, ndipo ndinadziwa kuti akunena zoona: amayi ake akanati ayi, iye akanalira mwezi wathunthu, kenako n'kukwatira mphunzitsi uja.

Mphasa imene ankanenayo inali ya pa kitcheni pate, phwando la azimayi okhaokha limene amachitira mkwatibwi ukwati usanafike, kumupatsa mapoto ndi malangizo. Mkwatibwi amalowa chokwawa ataphimbidwa ndi chitenje, alamu ake n'kudzamuvundukula, ndipo kuchoka pamenepo amakhala pa mphasa masana onse, miyendo chowongola, mutu chowerama, osayankhula, osaseka. Ena onse amavina ndi kuseka mpaka misozi, mwini phwando ali duu. Ndi pamenepo akuchimuna amaonera ngati mtsikana anamva mwambo.

Mlangizi wanga anali azakhali, mlongo wawo wa Atate wa ku Chunga, mayi wa zala zotsina ngati nkhanu. Masabata awiri anandikhazika pa mphasa madzulo alionse ndikaweruka.

"Mutu pansi, maso pa mphasa. Ntchentche ikatera pamphuno, ndi mlendo wako, uisiye. Ukangoonetsa dzino limodzi, ndiye kuti wauza anthu kuti za m'nyumba unazidziwa kale. Wamva?"

"Ndamva, azakhali."

"Ndani wakuuza kuti uyankhe?" Ndipo ankanditsina pantchafu.

Ndinaphunzira ndithu. Pofika sabata yachiwiri azakhali ankatha kundinenera zolaula zoti m'busa akanakomoka nazo, ine nkhope ili gwa. Wigi ndinaibisa pansi pa sutikesi, shiti ya Amama ndinaileka. Ndinkayesa kuti filimu ija yatuluka m'thupi.

Za Amama ndiyenera kunenapo, kuti mumvetse zimene zinachitika. Anali wapampando wa chigwirizano, bungwe la azimayi a ku mpingo wathu, kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Bulauzi yawo yoyera ya chigwirizano inali ndi hang'ala yakeyake, ndipo ife ana sitinkaloledwa ngakhale kuiyandikira ndi manja a mafuta. Ankayenda ngati asenza ndowa yodzaza. Sindinawaonepo akuvina chibadwire changa. Kwaya ikafika pokoma, iwo ankangogogoda chala chimodzi pa buku la nyimbo. Akulu a mpingo anali ataneneratu kuti mayi wovala bulauzi ija savina za m'chiuno pa ng'oma, ndipo Amama ndiwo ankakumbutsa anzawo lamulolo. Ku maphwando a ana a anzawo ankapita, n'kupereka mphatso chogwada, n'kubwerera pampando manja ali pamiyendo.

Phwando langa linachitikira ku Chelstone kwa amalume, chifukwa bwalo lathu la ku Kabwata linali laling'ono. Linali Loweruka masana, dzuwa la mwezi wotentha. Azimayi anadzaza bwalo lonse: a ku mpingo, a ku ofesi, oyandikana nawo nyumba, ndi ena oti palibe anawaitana. Akuchimuna anabwera pa galimoto ziwiri. Apongozi anawatulutsira mpando wa m'nyumba n'kuwaika kutsogolo kwenikweni, moyang'anizana ndi mphasa, chikwama chili pa maondo, magalasi ali pamphuno.

Anandiphimba m'khitchini. Azakhali anali kutsogolo, ine pambuyo nditagwira chiuno chawo, tikukwawa pansi pa chitenje chatsopano chonunkha sitolo. M'menemo munali mdima ndi kutentha. Ndinkangoona zidendene za azakhali, ndikumva nthungululu mbali zonse. Titafika pa mphasa azakhali anatuluka, ine n'kutsala ndekha chigwadire, ndili chiphimbire. Kenako phokoso linatsika. Ng'oma inayamba pang'onopang'ono. Inayamba kuthamanga. Ndinamva manja a alamu anga akugwira nsonga za chitenje, wina uku, wina uku.

Ndikanakonda kunena kuti ndinaganiza. Sindinaganize kanthu. Chitenje chitangochoka, kuwala n'kundimenya m'maso, ndinapezeka ndadzuka pa maondo, chibwano m'mwamba, manja tambasu, mano onse amene Mulungu anandipatsa ali pamtunda. Mapewa nawo anagwedezeka kawiri, osandifunsa.

Ng'oma imodzi inaphonya, inzake n'kuleka. Azakhali anandikoka diresi mwamphamvu moti ndinakhala pansi phi. Ndisanaweramitse mutu ndinaona nkhope ya apongozi. Anali akuvula magalasi pang'onopang'ono, ndipo pakamwa pawo panali kachimwemwe ka munthu amene wapeza chimene anabwerera. Mumtima ndinati basi, mphunzitsi wa ku Katete wapambana, ndipo wapambana chifukwa cha filimu ya kadontho kosamuka.

Bata lija lisanakhazikike, ndinamva mawu a Amama, okweza kuposa mmene ndinawamverapo.

"Wachita bwino, mwana wanga, monga ndinakuuzira. Tsopano khala pansi uone amako."

Ndinaba diso. Amama anali ataimirira pakati pa bwalo. Anakweza chibwano, n'kutambasula manja, n'kuonetsa mano, n'kugwedeza mapewa kawiri, ndendende ngati ine, koma bwino kuposa ine. Kenako anasolola chitenje cha mayi wina amene anali pafupi, n'kuchimanga m'chiuno, n'kulozera oimba ng'oma.

"Mwalekeranji? Imbani."

Ng'oma zinabwerera, ndipo wapampando wa chigwirizano anavina. Si kuvina kogwedeza mutu kwa ku tchalitchi ayi. Kunali kuvina kwa m'chiuno kwenikweni, kwa ku chinamwali, kumene anaphunzira kumudzi ali mtsikana n'kukusunga zaka makumi atatu osauza munthu. Chiuno chinkayenda pachokha, kumtunda kuli phee. Anatsika mpaka pansi, n'kukweranso osagwira bondo. Azimayi anakuwa, ena anakwera pa mipando, ena anagwa ndi kuseka. A ku mpingo anagwira pakamwa koma maso sanatseke. Mnzanga wina wa ku ofesi ndinamumva akuti, "Iwe, ba mayo aba ni moto." Amama anavina cholunjika kwa apongozi, n'kuima patsogolo pawo penipeni, msana wawo utanditchinga, moti apongoziwo akanafuna kundiyang'ana akanayenera kusuzumira m'mbali mwa chiuno chimenecho. Anavina nyimbo zitatu, thukuta lili chuchuchu, duku litagwa.

Ine masana onse otsalawo ndinakhala chowerama, ndikulira zenizeni. Mapoto ankabwera, mabeseni, mithiko, aliyense akuvina ndi kufotokoza ntchito ya mphatso yake, ine osaona chilichonse. Misozi inkagwera pa mphasa, ndipo ndinamva amayi ena akuyamikira kumbuyo kwanga kuti mwana uyu ndiye walangizidwa, taonani manyazi ake. Azakhali sananditsinenso.

Pofika Lamulungu, nkhani inali itafika Kabwata yense, Chilenje, mpaka ku Matero. Palibe ankakamba za mkwatibwi. Mkwatibwi anatani? Aliyense ankangoti wapampando wavina, ena n'kumayesezera ndi chiuno pa mpopi. Chigamulo cha apongozi chinandipeza Lolemba, mnyamata wanga atabwera ku ofesi akumwetulira ngati wapambana mayeso.

"Amama akuti iwe ulibe mlandu. Akuti ndiwe womvela, unauzidwa zopusa na amai ako, unachita, ndiye unankhala pansi monga munthu. Akuti nikutenge mwamsanga asanakuononge."

Ndinaseka, kenako ndinakalira m'chimbudzi cha ku ofesi. Apongozi anga anandikonda mpaka imfa yawo, ndi chikondi cha munthu amene wapulumutsa mwana m'nyumba yoyaka moto. Amama ankawapatsa moni wa kutali, ndipo pa ukwati anapempha kuti pasakhale ng'oma.

Akulu a mpingo anawaitana Amama sabata yomweyo. Atate anandiuza kuti sanadziteteze ngakhale ndi liwu limodzi. Anafunsidwa ngati anavina, anati inde. Anafunsidwa ngati anamwa kanthu, anati tiyi. Anawachotsa pa mpando, n'kuwauza kuti bulauzi aiike pambali chaka chathunthu, ndipo azikhala benchi ya kumbuyo, kumene kunkakhala atsikana otenga mimba za pathengo ndi azibambo a mitala. Anakhalako Lamulungu lililonse, msana uli chilili, chala chikugogoda pa buku la nyimbo. Ine ndinkaopa kuyambitsa nkhaniyo, iwonso sanaiyambitse. Ndinakwatiwa, n'kusamukira ku kanyumba ka lendi, ine ndi Amama tisanaikambe.

Patapita miyezi ingapo filimu ija inabweranso m'tauni, yokalika kuposa kale. Ndinawakoka amuna anga kuti akaone chimene chinatsala pang'ono kuwakwatitsa ku Katete. Iwo anaseka kadontho kaja, anaseka hatchi, anagona pakati. Ine maganizo anakakamira poyambirira penipeni, pa siteshoni, pamene kasanu ndi kanayi konse ndinkangodikira kuti padutse. Mayi wa mtsikana uja amaoneka mphindi ziwiri zokha. Amamukonza kolala, amamupatsa kaphukusi ka chakudya, amakupiza kampango, sitima n'kunyamuka, filimu n'kupita nayo sitimayo. Mayiyo saonekanso, ngakhale tsiku la chinsalu chasiliva. Mabodza ena onse aja ndinali nditawakhululukira, koma ili linandipsetsa mtima. Sindinadikire ng'oma. Ndinawasiya amuna anga akuliza mkonono, n'kukakwera basi ya ku Kabwata.

Ndinawapeza Amama pakhonde la kuseri, akusita. Pa tebulo panali bulauzi yoyera ija. Atate anali atandiuzapo kuti amaichapa ndi kuisita sabata iliyonse, n'kuibwezera pa hang'ala. Ndinagwada pambali pawo. Pa dzanja lawo lamanja panali tizipsera ta nsimbi, takale ndi tatsopano.

"Amama, ndabwera kudzapepesa."

"Wachedwa. Tandipatsa makala awo."

Ndinawapatsa. Anatsegula nsimbi, n'kuikamo makala awiri, n'kuuzira.

"Koma munadziwa bwanji kachitidwe kake? Munakaonerako filimu ija?"

"Ine ku filimu? Ndinkakuonera pa windo. Miyezi itatu shiti yanga ikununkha mafuta a tsitsi lako, ukuyesa ndilibe mphuno? Ndinkabwerako ku msika msanga, n'kuima apo pa mtengo wa mapeyala mpaka umalize."

"Bwanji simunandiletse?"

Anayala mkono wa bulauzi, n'kuuwaza madzi ndi zala, n'kuyendetsa nsimbi kuchoka paphewa kutsika.

"Unkaoneka wokondwa. M'nyumba muno sindinkakuona choncho kawirikawiri." Anatembenuza bulauzi ija. "Koma mapewa umafulumira nawo. Uziyamba wadikira anthu akuone."

Ndinawapempha kuti andipatse nsimbi ndiwamalizire. Anakana, akuti kolala ndingawapserezere, ndipo kwatsala miyezi isanu yokha kuti aivalenso.